Wometa Amene Sameta Akazi

Wometa wa mumsewu wathu sameta akazi. Womaliza amene anamumeta anali mkazi wake, m'mawa wa tsiku la opaleshoni. Mayiyo anali ndi chotupa mu ubongo. Ankadandaula mutu kwa nthawi yaitali, bamboyo n'kumangoti, "Imwani madzi, ndi dzuwa limeneli." Kuchipatalako sanabwereko.

Chaka chilichonse pa tsikulo, wometayo amatulutsa mpando pakhonde n'kumeta osatchula mtengo. Anthu amaponya zimene ali nazo m'chitini, zokathandiza odwala a mu wodi imene mkaziyo anagonamo.

Chaka chino anthu anachepa. Masana mwana wake wamkazi anadzakhala pampandopo.

"Ababa, anzanga akuntchito ali apowa akuti aponya mukandimeta mpala."

"Choka apa. Sindimeta akazi."

"Ndiye ndipite kwa mnzanu uja amalima mizere pamutu?"

Anthu anaseka, koma wometayo ayi. Anayatsa makina. Tsitsi litayamba kugwa, panaoneka mutu weniweni wa malemu mkazi wake. Anayamba kuusisita ndi zala mpaka kuseri kwa makutu, ngakhale adokotala anamuuza kalekale kuti chotupa chotere sichigwirika kunja.

"Mutu sukupweteka?"

"Mwa apo ndi apo, kukatentha. Ndikamwa madzi umasiya."

Anazimitsa makina, tsitsi likadali mbali imodzi.

"Tenga chikwama, tikupita kuchipatala."

"Ababa, ndi mutu wathekawu?"

Bamboyo anatsogola. Chitini anandisiyira ine amene ndinaima pafupi, shopu osatseka n'komwe.