Mbumba ya Lameck pa Fomu ya Boma

Lameck Kapalamula wa ku Ntchisi anali munthu wosadziwa kunama, ndipo khalidwe limeneli linatsala pang'ono kumuchotsetsa sukulu. Mkati mwa sabata ankaphunzira zoyeza magazi pa koleji ina ku Toronto. Loweruka ankasenza makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Etobicoke, ndege zikubangula pamutu pake.

Mu 1977 fizi inakweranso. Anzake ankang'ung'udza kuti boma likangowonjezera thandizo la ophunzira, koleji nayo imakweza fizi, ngati wogulitsa nyama amene wamva kuti lero mwalandira. Zoona kapena ayi, Lameck analibe nthawi ya mtsutso. Popanda thandizolo akanasiyira sukulu panjira, chaka chomaliza chenicheni.

Anakatenga fomu. Pamzere wofunsa za anthu omudalira analemba mayina asanu ndi awiri, mpaka kusefukira kuseri kwa pepala: ana onse a mlongo wake Vainess. Nanga si iye ndiye malume awo, mwini mbumba?

Kalata inabwera yoti fomu yaimitsidwa, akafotokoze. Ankamuganizira chinyengo. Mbeta yamphongo, ana asanu ndi awiri!

Mu ofesi anapeza mayi Naomi, kalaliki wochokera ku Jamaica, magalasi ali pamphuno.

"Ana awa ndi anu?" anafunsa mayiwo.

"Ndi anga, mayi."

"Munabereka ndinu?"

"Anabereka ndi mlongo wanga. Koma akadwala, kalata imabwera kwa ine."

Mayi Naomi anavula magalasi. "Inenso anandiphunzitsa ndi mlongo wa amayi anga," anatero. "Koma pepala ili silidziwa zimenezo."

Anamupatsa fomu yatsopano, nakhala naye mpaka nthawi yawo ya nkhomaliro inapita. Pamzere uja anamuuza kuti alembe zoti palibe. Lameck analemba, koma zinamuwawa ngati wawakana anawo pabwalo.

Potuluka, mayiwo anapinda fomu yakale ija namuikira m'thumba la jekete. "Yoona ndi iyi. Sungani."

Thandizo linabwera, lina laulere lina langongole, ndipo Lameck anamaliza. Boma ankalithokoza ndi mtima wonse, ngakhale ankawonjezera kuti mizere ya pafomu yawo ndi yaifupi kwambiri. Koma akatchula mayi Naomi, ankayamba wavula chipewa.

Atalandira malipiro oyamba a kuchipatala mu 1979, anatumiza fizi ya Tobias, mwana woyamba wa Vainess. Kenako anatambasula fomu yakale ija patebulo, nachonga dzina loyamba. Anatsala asanu ndi mmodzi.