Firiji ya Malemu Bambo a Ana

Firiji ija tinaigula ili yakale kale, kwa mmwenye wina wa ku Bwalo la Njobvu amene ankasamuka. Inali itachita chikasu, chitseko chake tinkachimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo ikayamba kulira ankaimva ndi anthu odutsa mumsewu. Koma ndi imene inkatidyetsa. Ndinkasungunula malambe ndi shuga, kuthira m'timapepala, kuumitsa, m'mawa n'kukakhala pageti la sukulu ya pulayimale ku Kawale kuno ndi mafirizesi anga. Malipiro a bambo a ana ankathera lendi. Ndiwo, sopo ndi makope a ana zinkachokera m'firiji muja.

Zinali zaka zija matipate atangoyamba kumene pamene firijiyo inayamba kufooka. Mafirizesi ankatuluka ofewa ngati phala. Ine ndinkati tigule ina, bambo a ana ankati tikonzetse yomweyo, poti iwo chinthu chawo sankafuna kuchitaya ngakhale chitatheratu. Mkanganowo sitinaumalize. Iwo anadwala, firiji inazimiratu ali m'chipatala, ndipo anatisiya tisanamvane chimodzi.

Titangobwera koika maliro, alamu anga, achimwene awo a malemu amene ankakhala ku Area 25, anafika ndi galimoto ya matola. Anati akudzasunga katundu wa m'bale wawo. Kusunga kwake ndiye kumeneko: mipando, wailesi, njinga, bedi limene ndinaberekerapo ana, mpaka nsapato za malemu. Alamuwo ankangonyamula. Woloza anali mkazi wawo, ataima pakati pa nyumba yanga manja ali m'chiuno, kumati, "Icho, ndi icho, musaiwale icho."

Atafika pafiriji mayiyo anamasula mphira uja, n'kusuzumiramo. Munatuluka mphemvu.

"Ichi chafa," anatero.

"Kufa chafa, koma ndi cha m'bale wanga," alamu anayankha.

Ndiye mayiyo anatembenukira kwa ine, ndili chikhalire pamphasa, mutu wometa, ana atandizungulira. Anamwetulira.

"Asisi, mukakonza mutiuze."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinagona nawo, kudzuka nawo. Bedi ndinawakhululukira, wailesi ndinaiwala, koma kumwetulira kuja ayi ndithu.

Tsono taonani pamene anandiika. Ndikakonzetsa firiji, adzatenga. Ndikagula ina, adzati ndagulira ndalama za m'bale wawo zimene ndinabisa, adzatenganso. Ndikangokhala, ana agona ndi njala. Ndipo mkazi wa alamu uja sankasowa pakhomo panga. Ankabwera ati kudzaona ana, m'manja mulibe ngakhale nthochi, maso ali pakona paja, khutu lili tcheru kumvetsera ngati chinthu chija chayambanso kulira.

Amene anandithandiza ndi amayi a kuseri kwa mpanda wathu, anzanga a m'chipereganyu. Itafika nthawi yanga yolandira, tinakagula kadipu firiza kogwirapo kale ntchito, n'kukalowetsa kuchipinda kwawo titakafunditsa chitenje. Ndinkasungunula malambe kwanga, kuumitsira kwawo. Wofunsa ndinkamuuza kuti ndikungowagulitsira amayiwo. Koma ndinkadziwa kuti bola firiji yakale ija ili m'nyumba mwanga, a ku Area 25 sasiya kununkhiza, ndipo tsiku lina adzasuzumira kuseri kwa mpanda. Inkafunika ichoke. Komanso ndisaname, sindinkangofuna mtendere wokha. Ndinkafuna ziwawawe.

Ndinakaitana bambo wina wokonza mafiriji ku Biwi. Anaigwedeza, anaigogoda, anagona chagada n'kuyang'ana kunsi, kenako anadzuka akupukusa mutu.

"Mayi, mapaipi a gasi adadyeka ndi dzimbiri mkati mwenimweni, mosafikika. Ndikathira gasi izizira bwinobwino milungu ingapo, kenako zii. Ingogulani ina."

"Thirani," ndinatero. "Ndipo muipente yoyera. Muikenso mphira watsopano wa pachitseko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Musadzati ndinakupusitsani."

"Mwandiuza zoona, bambo. Inu gwirani ntchito yanu."

Itauma penti, firiji ija inkawala ngati ya m'sitolo. Madzi ankagwira ayezi usanamalize kusesa. Ndinatumiza uthenga ku Area 25 kuti ndakonza, monga anandilamulira. Sanachedwe, anthu adyera sachedwa. Matola omwe aja anaima pakhomo, mayi uja anatsegula chitseko, mpweya wozizira unamuwomba kumaso, n'kuseka mano onse pamtunda.

"Mwachita ulemu, asisi. Zafika nthawi yake, kunyumba kuli chinkhoswe cha mwana."

Akuikweza ndinalira, ndipo si misozi yonse imene inali yabodza. Chogwirira cha pachitseko anapanga ndi mwamuna wanga, anachita kupinda waya ndi manja ake. Koma galimoto itangokhota, ndinapukuta m'maso n'kupita kukasefa malambe.

Chinkhoswecho chinali m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Ndinamva kwa anthu kuti mayi uja ankadzitama mpaka ku Chinsapo kwa abale ake kuti iye sapha mbuzi tsiku lomwelo ngati wakumudzi. Anapheratu mbuzi ndi nkhuku masiku angapo chinkhoswe chisanafike, n'kulongedza m'firiji, n'kutseka ndi loko kuopa ana. Injini inkalirabe monga mwa masiku onse, ndiye palibe amene anakayika. Sankadziwa kuti ikungolira, gasi adathawa kale.

Ine ndinapitako nditavala chitenje changa chabwino, ndinakhala kutsogolo. Nditafika ndinapeza mawindo onse ali pululu, amayi akuthira phulusa kuseri kwa nyumba, agalu a m'dera lonse atasonkhana. Fungo lake linkakulandira usanalowe pageti. Akuchimuna, amene anachokera kutali atapanga hayala minibasi, anadya nyemba ndi kabichi, akuyang'anana. Ankhoswe awo anafunsa mokweza ngati kumeneku kuli maliro. Ine nyemba zija ndinadya mpaka kupempha zina, ndipo sindinadyepo nyemba zokoma choncho.

Ndikusamba m'manja, mayi uja anandipeza.

"Munkadziwa inu."

"Munati ndikakonza ndikuuzeni. Ndinakonza, ndinakuuzani. Ndalakwa pati?"

Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo panga. Kadipu firiza kaja ndinakalowetsa m'nyumba mwanga masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ana anga anapita kusekondale ndi ndalama za mafirizesi. Ndinamva kuti alamu anayendayenda nayo firiji ija kwa amisiri, aliyense n'kuwauza zomwe zija. Kuitaya sanaitaye, ankaopa manyazi.

Patapita zaka zingapo alamuwo anamwalira. Ang'ono awo ndi amalume awo anabwera ndi matola, nawonso kudzasunga katundu wa m'bale wawo. Ndinadikira anthu achepe, n'kunyamula ufa ndi shuga, poti ana a mayi uja sanandilakwire kanthu, n'kukwera minibasi ya ku Area 25.

Nyumba ija ukalankhula mawu ankabwerera. Pakhoma panangotsala misomali. Mayi uja anali pamphasa, mutu wometa, ataonda moti ndikanakumana naye pamsika sindikanamuzindikira. Pakona panali firiji ija, penti itakanganuka, chikasu chakale chikuonekeranso, chogwirira cha waya chili pomwepo. Mkati ankasungamo mbale.

"Anditengera zonse, asisi," anatero osandiyang'ana. "Andisiyira ichi chokha. Akuti chafa."

Ndinakhala pansi, ndinapepesa maliro monga mwa mwambo. Ndinadikira kuti chisoni chibwere mumtima mwanga. Ndinachidikira ndithu, poti ndine mayi wopemphera, ndipo mphasa imeneyo ndinaikhalapo ine. Koma chimene chinkabwera ndi ana anga atandizungulira tsiku lija, ndi munthu ameneyu ataima manja m'chiuno.

Ndinasiya ufa ndi shuga pambali pake, n'kuimirira. Nditafika pakhomo ndinatembenuka, ndinayang'ana firiji, kenako ndinayang'ana iye.

"Asisi, mukakonza mutiuze."