Mayi wa pa Khoma la Saluni

Anthu ankangowatchula kuti a Burashi. Zaka makumi atatu anakhala akulemba zikwangwani za ometa, ogulitsa nyama ndi okonza nsapato. Koma sankayamba ndi penti ayi. Ankayamba akhala tsidya la msewu tsiku lathunthu, kuona kumene anthu akuchokera ndi kumene akuponya maso. Ankati, "Chikwangwani si cha mwini sitolo. N'cha munthu wofulumira amene sakufuna kuima."

Mwana wawo wachisamba yekha ndiye ankadziwa kuti mayi womwetulira amene bambo ake ankamujambula pa makoma a masaluni anali malemu amayi ake. Kunyumba kunalibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Tsono masaluni anayamba kukonda zithunzi zosindikiza pa makina, makoma aja n'kumafufutidwa limodzilimodzi, mpaka linatsala la saluni ya Mayi Chipeso lokha. Mwana wa a Burashi uja akabereka khanda lake, ankadzera dala pamenepo n'kunena kuti, "Apatse moni agogo ako."

Tsiku lina anamva kuti kampani ya sopo idzapenta khomalo ulere m'mawa mwake, n'kuikapo chithunzi chotsatsa sopoyo. Anathamangira kwa bambo ake.

"Ababa, kawauzeni Mayi Chipeso kuti amene aja ndi amayi!"

"Akawasunga chifukwa cha chisoni, chisoni chimatha, mwanawe. Tandipatsira kaburashi kakang'onoko."

Atafika ku saluni n'kupempha kukonza chithunzicho, Mayi Chipeso anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Achimwene, mukusambitsa nkhuku yoti mawa ikuphedwa?"

"Mlongo, mundibwereke khomali mphindi khumi basi."

Tsitsi sanalikhudze, milomo sanaikhudze. Anangodontheza kadontho koyera m'diso lililonse, n'kukweza chikope pang'ono. Kenako anawoloka msewu, n'kukhala pa chitini chawo cha penti, mwana wawo ataima pambali.

Sipanapite nthawi, kunadutsa mayi atasenza beseni la zovala. Anapitirira, anacheuka, anapitanso, n'kubwerera. Anatula beseni pakhomo.

"Mundiluke ngati mayi wa pakhomayu."

"Mukumudziwa kodi?" anafunsa Mayi Chipeso.

"Ayi. Koma zithunzi zinazi zimandiuza zimene ndikusowa. Uyu wandiyang'ana ngati ndine wokongola kale."

Mwana wa a Burashi anayang'ananso khomalo. Nkhope imeneyi anakula nayo, koma lero ndi pamene inkamuyang'anadi. Anasuntha kumanzere, maso aja ali pa iye. Anasuntha kumanja, ali pa iye pompo. Pofika masana, amayi atatu anali atakhala pa benchi kudikira malo.

M'mawa mwake anthu a kampani anabwera ndi zidebe ndi makwerero. Anapeza Mayi Chipeso ataima patsogolo pa khoma, chipeso chili m'manja ngati ndodo.

"Pentani chitseko, pentani denga mukafuna. Koma wantchito wangayu musamukhudze. Sadwala, sachedwa, sajeda makasitomala. Ndikamupezanso kuti wotere?"

Anapenta chitseko chokha, n'kumapita, a Burashi ndi mwana wawo akuonerera ali tsidya la msewu.

Pobwerera kunyumba, mwana uja anafunsa, "Ababa, m'kadontho kaja munaikamo chiyani?"

A Burashi anayenda kaye, akupukuta zala pa thalauza.

"Palibe. Ndinangokumbukira mmene amako ankandiyang'anira ndikamalowa pakhomo, penti thupi lonse, ndikununkha palafini."