Dzina la Phiri linali lobweleka

Muli shani nonse.

Lelo napita ku Kabwata kwa ba Esnart, alongo a atate, kuti niyambe kulemba mbili ya banja. Mu sutikesi ya malemu agogo aamuna, pansi pa khadi la chipani, napeza chithunzi. Agogo avala kofia, ali pa makina osokela ku Kamwala. Kumbuyo kwalembedwa Saidi.

Ba Esnart ati agogo anali Myao wa ku Malawi, ndipo Saidi ndilo linali dzina lao lenileni. Titalandila ufulu anabweleka dzina la Phiri kwa mnzawo, poopa kulandidwa nyumba ya kanselo ngati mlendo.

Agogo omwewo ndiwo anakaniza ba Esnart kukwatiwa na mnyamata wa Phiri, ati ni pachibale! Zoona anaulula ali pafupi kumwalila. Ba Esnart sanakwatiwe mpaka lelo.

Manje ana tiwauze kuti ndife ndani?