Thirakitala Yodya Sopo

Lolemba m'mawa ofesi ya famu idalengeza, mwaulemu wonse, kuti kudontha kwa mafuta kwaletsedwa. Idawonjezera kuti paipi yatsopano ya thirakitala ili m'njira, komanso kuti makina alionse okanika kuyenda pamwambo wolandira bwana wamkulu Lachisanu adzagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Thirakitala sidamve nawo chilengezocho. Idangopitiriza kudontha.

Amene adamva bwino ndi Adilaiva. Mkuluyu adakwera thirakitalayo tsitsi lili bii, lero imvi zili mbuu, ndipo fungo la dizilo lidawalowerera moti agalu amawazindikira asanatulukire pakona. Ankadziwa kuti ikagulitsidwa, iwo awakankhira pageti kukakhala mlonda, kumapereka sawatcha kwa anthu apanjinga.

Paipi yochokera kuthanki kupita kufyuluta idang'aluka kalekale, koma Adilaiva adali ndi mankhwala ake. Ankanyowetsa sopo wochapira, n'kumukanya ngati dongo, n'kumata pamng'alupo. Dizilo sasungunula sopo. Ovutika adali akazi awo.

"Bambo a ana, sopo ndinaika pawindo uja ali kuti?"

"Wapita kuntchito, mayi."

"Ndiye mkazi mnzangayo akusamba kuposa ine!"

Lachisanu litakwana, amanejala adawapatsa ovololo yatsopano. Adilaiva adadziyang'ana pagalasi la windo, mtima uli dyokodyoko, n'kuona kuti sikoyenera mwamuna kutchena chotere mnzake ali tuwaa. Adakoka paipi yamadzi, nayamba kuitsuka thirakitala uku akuimba, chiuno chikugwedera. Posakhalitsa pansi pa injini padatuluka thovu loyera.

"Taonani, anthuni, ikudzisambitsa yokha!" adakuwa, akuomba m'manja.

Kenako adamva fungo. Sopo yense adali atapita ndi madzi, dizilo ali chuu pansi. Ataliza injini, idatsokomola ngati nkhalamba, n'kuti zii. Mpweya udali utalowa m'paipi. Pageti galimoto ya bwana idali ikulowa.

Adilaiva adakwawira pansi ndi ovololo yawo yatsopanoyo. Adadula pong'alukapo ndi mpeni, n'kukoka paipi yofupikayo mpaka idafika pafyuluta, n'kuimanga ndi waya. Idalirabe misozi. Atacheuka adaona nsapato zodziwika: akazi awo, atatchena kudzaonera mwambo.

"Mayi, ndathera pano. Mawa mudzandipeza pageti."

Mayiwo adapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa sopo wosayamba.

"Ndimayenda naye pothawa mbava ya m'nyumba mwanga. Kwayani. Mkazi wa mlonda ndiye ine ayi."

Adilaiva adamulavulira sopoyo, kukanya, kumata. Kenako adamasula kanati ka pafyuluta kuti mpweya utuluke.

"Popani kapampu ka dizilo ako, mayi! Popani!"

"Ndi diresi langa lakutchalitchili?"

"Ndidzakuchapirani!"

"Ndi sopo wake uti?"

Adapopabe. Mwamwayi amanejala adali akulandirabe alendo mmodzimmodzi, aliyense ndi maudindo ake onse, ndipo adali asanafike n'komwe pa mawu akuti "mwachidule". Thovu la mpweya lidatha pakanatipo, dizilo adatuluka woyera, Adilaiva adamanga kanati n'kudumphira pampando.

Injini idabangula. Utsi wakuda udakuta mzere wonse wakutsogolo wa alendo, ndipo Adilaiva adadutsa pamaso pa bwana ali mano gwa, mafuta ali noninoni mpaka m'makutu, akubayibitsa ngati mkwati. Akazi awo adaimba nthungululu.

Bwana wamkulu, akupukuta m'maso, adati zimene waonazi zamukhudza mtima. Adalonjeza kuti famuyo ilandira osati paipi yokha, koma thirakitala yatsopano, yokhala ndi denga. Anthu adaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa.

Mvula yagwa n'kusiya, yagwanso. Paipi ija ikadali m'njira. Akazi a Adilaiva masiku ano sopo amagula awiriawiri.