Zigamba za pa mabondo

Mwana wanga wamkazi wachiwiri ntchito yake ndi kujambula oimba. Lero amakwera ndege, koma anayambira pakhomo panga ku Matundo, titabwerako ku Malawi nkhondo itatha.

Kugwira makina anaphunzira kwa bambo wina kutsidya kwa mlatho, wojambula zithunzi za pa ziphaso. Koma mtima wake unali pa gulu lina la ku Chimadzi, amuna anayi oimba nyimbo ija amati roko. Gitala wawo amalira ngati mbuzi yopanidwa ndi chitseko cha chapa, minibasi ya kuno, wiii, woimbayo kukamwa yasa. Zithunzi zomwe mwanayo ankabwera nazo zinali thukuta lokhalokha, tsitsi kumaso, palibe ndi mmodzi yemwe woima bwino. Ndinkamufunsa ngati amayi awo aziona.

Ndiye anapeza mwayi wobwereka makina a vidiyo, tsiku limodzi lokha, Loweruka. Oimbawo anamuuza kuti ikatuluka bwino apita naye ku Beira akhale wowajambula, ikakanika aitana mwamuna wa komweko. Anasankha kujambulira kuseri kwathu, pa khoma la mabowo a zipolopolo za nkhondo, choncho Lachisanu oimbawo anasiya chikwama cha zovala zawo kwa ine. Mwanayo anawoloka kukatenga makina.

Ine kutsegula chikwama, mabuluku anayi, onse mabondo pamtunda, ulusi uli lende. Ndinakhala pansi. Malemu bambo wa ana anga anayenda ulendo wonse wothawa nkhondo mabondo ali panja choncho, ndipo tinawaika m'manda ndi buluku lomwelo. Ndiye ana a eni akaonekere dziko lonse ali m'nsanza, atavalira m'nyumba mwanga? Ndinachapa. Ndinatulutsa nsalu yanga ya maluwa achikasu yomwe tinalandira ku kampu ya othawa nkhondo, ndinadula, ndinasoka mpaka dzuwa kupendeka. Ndinasita ndi simbi ya makala, mzere uli nga.

M'mawa woimbayo, wamtali wa ndolo, anatukula buluku lake ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anafunsa mwana wanga ndi mawu ake a m'mphuno: "Mana, mlongo wanga, ichi n'chiyani?" Ndi pomwe ndinamva kuti anang'amba dala ndi lezala, n'kukhula pa mwala sabata yathunthu. Anati maluwa savala, zonse zathera pomwepo, n'kuyamba kubweza gitala m'thumba.

Mwana wanga anali chilili, makina m'manja, ofunika kubwezedwa dzuwa lisanalowe. Ndinadikira kuti andikalipire pamaso pa anthu, ndipo ndikanavomera. Koma anawerama, n'kusisita chigamba chimodzi.

"Amama, nsaluyi si ija ya ku kampu?"

"Ndi yomweyo."

"Ija munkandifunditsa?"

Ndinavomera ndi mutu.

Anatembenukira oimbawo, mawu ali pansipansi, osati ngati anga. Anawauza kuti mabondo ong'ambika ali ndi gulu lililonse, ku Beira ngakhale ku Joni, koma awa palibe wina ali nawo. Kenaka anatulutsa lezala m'thumba la makina n'kuika pa mtondo.

"Wofuna kuchotsa zigamba achotse. Koma achotsere pompano, amayi anga akuona."

Woimba ng'oma, wonenepa wa ku Angonia, anayamba ndiye kuvala. Anati amayi akenso anali nayo nsalu yomweyi, kampu ina. Ena awiri anatsatira. Wa ndolo uja anavala pomaliza, akung'ung'udza kuti mzere wokhawo ndiye aufafaniza, n'kudzigubuduza m'fumbi.

Anajambula dzuwa la kuno likuwotcha. Ndinamuona mwana wanga atagwada, makina pa phewa, akuyambira pa mabondo n'kumakwera mpaka kumaso, akulamula amuna anayi ndi chala chimodzi. Ine ndinkathamangitsa mbuzi zisalowe pakati.

Ku Beira anapita naye. Atabwerako, wa ndolo uja anafika yekha pakhomo, buluku lili m'khwapa, chigamba chimodzi chitasoloka ulusi. Anati, "Amama, chasomoka." Anakhala pa mpando n'kudikira mpaka nditamaliza.