Fomu Imene Anandilembera Bambo Chikopa

Linali Lachiwiri, pa 12 Novembala, nthawi itangopitirira 6 koloko m'mawa, pamene ndinatuluka m'nyumba mwathu ku Govan, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndinavala suti ndi tayi, monga mmene munthu amavalira popita kwa DC. M'jumbo ndinaikamo pasipoti, mapepala a malipiro, setifiketi ya ukwati ndiponso ya MSCE, poti ku ofesi sudziwa chimene angafunse.

"Bambo a Tadala, anakuuzani 10 koloko," anatero mkazi wanga ali pakhomo. "Kodi makiyi a ofesiyo mumasunga ndinu?"

"Mzere," ndinayankha.

Nkhani yake inali iyi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo malipiro ndi ochepa. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, Bambo Chikopa, mkulu wa mpingo amene wakhala kuno zaka makumi awiri, anandiitanira pambali. Anati boma limawonjezera ndalama kwa antchito olandira pang'ono, ife tikungogona. Anatenga foni yanga n'kuyamba kundilembera fomu. Ndinkadziwa ndithu kuti chitupa changa chokhalira kuno chimaletsa kulandira thandizo la boma, koma wamkulu akamakuthandiza anthu akuona, umutsutsa bwanji? Ndinangoti, "Zikomo kwambiri, bambo."

Lolemba kuntchito, namwino wina wa ku Zimbabwe anandiuza kuti fomu yotere ikhoza kundilanditsa chitupa, banja lonse n'kubwerera kumudzi. Sindinkadziwa ngati Bambo Chikopa anaitumiza kapena ayi. Kuitsegula ndinkaopa, kuti mwina chala chingaterereke n'kuitumiza ndekha. Namwinoyo ndiye anandipezera malo kwa alangizi a khonsolo, amene amathandiza antchito pa nkhani za msonkho m'laibulale ina ku Govanhill.

Pa siteshoni ya sitima yapansi panthaka ndinapeza asanatsegule. Ndinaima pamvula pamodzi ndi amuna awiri ovala maovolosi, mpaka hafu pasiti sikisi. Tikiti inali mapaundi awiri osakwana. Sitimayi ndi yaing'ono, wamtali amalowa chowerama. Foni ndinali nditaizimitsa, ili m'thumba lamkati la jekete, ndipo pa siteshoni iliyonse ndinkaigwira ngati chotupa.

Ndinatsikira pa Bridge Street n'kukwera basi yolowera ku Victoria Road. Ndinaponya mapaundi atatu m'kabokosi, dalaivala osayang'ana n'komwe. Chenji kuno sabweza. Mayi wina wokalamba amene ndinakhala naye pampando anayang'ana tayi wanga.

"Ukupita kumaliro, mwana wanga?"

"Ayi mayi, kukhonsolo."

"Ndiye wavala kuposa meya," anatero, n'kundipatsa switi. Ndinamulandira ndi manja awiri.

Ndinafika ku Govanhill isanakwane 8 koloko. Masitolo a zipatso anali akungotulutsa mabokosi. Pa laibulale panalibe mzere, panalibe mlonda, panalibe ngakhale mphaka. Ndinaima pakhomo mphindi makumi awiri monga munthu woyamba pa mzere wa munthu mmodzi, kenako kuzizira kunandithamangitsira m'kanyumba ka tiyi kutsidya kwa msewu. Ndinagula tiyi ndi banzi ya soseji ya makona anayi. Ndinaluma kamodzi basi. Ndinkaganiza za munda wa ku Ntcheu umene tinagulitsa kuti tibwere kuno, ndi za Tadala amene watsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso. Ndikanamuuza kuti chiyani? Kuti bambo ako anachita manyazi kukana?

Itakwana 10 koloko anandiitana. Mlangiziyo anali mayi wa imvi wovala juzi, dzina lake Moira. Ndinakhuthulira jumbo yonse patebulo. Ananyamula setifiketi ya MSCE, n'kuiwerenga.

"Masamu munakhoza bwino, bambo. Koma lero tingofuna pasipoti ndi foniyo."

Ndinafotokoza zonse, osatchula dzina la Bambo Chikopa. Nkhope yake inasintha. Anaona za chitupa changa pa kompyuta, kenako anati ndiyatse foni. Nambala yachinsinsi ndinaiphonya kawiri. Anawerenga mwakachetechete, tsamba ndi tsamba. Wotchi ya pakhoma ndinkaimva bwinobwino.

"Sinapite," anatero. "Tsamba lomaliza silinadzazidwe."

Apo m'pamene ndinakumbukira. Bambo Chikopa anaitanidwa ku msonkhano wa akulu a mpingo tisanamalize, ndipo pochoka anati titsiriza Lamulungu likudzali, pamodzi ndi anzanga atatu amene anabwera chaka chatha.

Tinaifufuta fomuyo ine ndikuona. Mayi Moira anati amene anandilembera sananame: thandizolo lilipo, ndipo iwo amathandiza anthu kulipempha tsiku ndi tsiku, koma si la munthu wa chitupa ngati changa. Ndinayamba kulongedza mapepala, iye n'kundiimitsa.

"Yunifolomu ya kuntchito mumachapa kuti?"

"Kunyumba, mayi. Kodi n'kulakwa?"

"Sopo amagula ndani?"

"Ine."

Anaseka. Anati wochapa yekha yunifolomu amachotseredwako msonkho, ndipo limeneli si thandizo la boma, ndi ndalama zanga zomwe zikubwerera. "Musayambe kufunsa mitengo ya galimoto," anatero. "Ndi za sopo basi." Fomu imeneyo tinailemba limodzi, ndipo ndinafunsa katatu ndisanadine.

Pobwerera ndinamasula tayi m'basi, n'kudya banzi ija itazizira. Ndinaona kuti chimene chinatsala pang'ono kundibweza kumudzi si boma ayi, koma "zikomo" wanga uja. Fomu yanga inali itafufutidwa, koma Lamulungu linali likubwerabe, ndi anthu atatu aulemu ngati ine.

M'mawa mwake ndinavalanso suti. Ndinatenga kapepala kamene Mayi Moira anandilembera kofotokoza lamulo la chitupa chathu, ndi paketi ya shuga, poti kwa wamkulu sitipita chimanjamanja. Ndinakwera sitima ya ku Dennistoun, ndikubwereza mumtima mawu oyambira. Pakhomo pa Bambo Chikopa ndinaima kanthawi, kenako ndinagogoda.

"Odi, bambo. Ndabwera ndi kankhani, koma mundikhululukire."